Relay ikamalira yokha, musathamangire kuzula 555

Ana anga, inu amene mwayamba kugwira mawaya ndi mtovu m'misika ya kuno kwathu, kuyambira pa Mpingu, Msundwe ndi Namitete mumsewu wa ku Mchinji mpaka ku Nsaru, Kabudula ndi Nambuma, ndili nanu mawu. Masiku ano magolosale ambiri ali ndi sola padenga ndi batire kunsi kwa tebulo, ndipo pomwe pali batire sipachedwa kupezeka mnyamata kapena mtsikana wofuna kuti zinthu ziziyaka ndi kuzima zokha. Wina akufuna babu la pakhola liziyaka kwa kanthawi akadina batani. Wina akufuna pampu ya kudimba ithire madzi mphindi 20 n'kuleka. Ambiri mukupanga makina oswetsa mazira ndipo mukufuna thireyi izipendekeka yokha usana ndi usiku. Zonsezi zimayendera zinthu ziwiri: timer yowerenga nthawi, ndi relay yotsegula ndi kutseka njira ya magetsi. Ntchito yanuyi imandikondweretsa. Chimene chimandiwawa ndi zomwe mumachita chipangizocho chikakana.

Mumazula ka 555, kachipangizo kakuda ka miyendo 8 kaja, n'kunena kuti ndi kabodza. Mumalipira kabaza ndi minibasi mpaka ku Malangalanga kukagula kena, kubwera, kuwotcherera, vuto lili pomwepo. Mawa lake mwasintha transistor, mkuja relay, ndipo tsiku lina chinthucho chikagwira simudziwa chomwe chachiritsa. Ka 555 kameneka adakakonza Hans Camenzind mu 1971, kampani ya Signetics idayamba kukagulitsa mu 1972, ndipo mpaka lero mafakitale akukapangabe chifukwa ndi kolimba. Tabodza tilipo pamsika, sindikana. Koma kawirikawiri kamakhala kalibe mlandu, ndipo mukakapeza katafa, dziwani kuti chilipo chidakapha, chomwe chikudikira katsopanoko.

Choncho musanagule chinthu china chilichonse, gulani mita. Ngakhale ija yachikasu yotsika mtengo ndi yokwana poyambira. Kenako muzolowere kuona chipangizo chanu ngati zigawo zitatu: magetsi olowa, mbali yowerenga nthawi, ndi mbali ya relay pamodzi ndi katundu amene ikuyendetsa. Ntchito yoyamba ya wokonza ndi kupeza chigawo cholakwa, ndipo njira yake ndi yachidule. Dulani waya wochoka pamwendo wachitatu wa 555 kupita ku relay, m'malo mwake muikepo ka LED ndi resistor ya 1k. Ka LED kakamayaka ndi kuzima pa nthawi yoyenera, mbali yowerenga nthawi ili bwino, isiyeni. Kakamachita zosokonekera relay palibe, ndiye kuti relay mukadaisintha pachabe. Ambiri mudzapeza kuti ndi LED zonse zikuyenda bwino, misala imayamba mukabwezeretsa relay, ndipo pamenepa ndi pomwe ndikufuna tikhalitsepo.

Mkati mwa relay muli waya wopyapyala wokulungidwa kambirimbiri pa kachitsulo. Magetsi akadutsa m'koyiloyo, kachitsuloko kamasanduka maginito n'kukoka kamkono kolumikiza njira. Amene mudamva mbiri ya William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, yemwe adamanga makina a mphepo opangira magetsi pakhomo pa makolo ake itangopita njala ya 2002, mukumbuka kuti adadzipangira chozimitsa magetsi mawaya akagundana pogwiritsa ntchito misomali, waya ndi maginito a sipika. Nzeru yake ndi yomweyi. Koma koyilo ili ndi khalidwe limodzi lomwe limapha zipangizo zambiri: siilola kuti magetsi aleke mwadzidzidzi. Mukaidula, maginito aja pokomoka amabweza mphamvu, ndipo kwa kamphindi kosaoneka ndi maso mavolti amakwera kuposa a batire kangapo konse, nthawi zina kupitirira 100. Mphamvu imeneyi ikapanda njira imadzera mu transistor kapena mu 555. Ikapanda kuwotcha, imadzidzimutsa timer kuti iyambirenso kuwerenga, ndiye mumamva relay ikungoti tha! tha! tha! osapuma, kapena ikazima nthawi yomweyo yayakanso.

Mankhwala ake ndi diode imodzi, 1N4007, yomwe mungaichotse m'chaja chakufa kapena m'wayilesi yakale osalipira kanthu. Iwotcherereni pamiyendo iwiri ya koyilo penipeni, osati patali, mbali ya mzere woyera iloze ku pozitivi. Mukaitembenuza mwatsegula njira yachidule, transistor itentha nthawi yomweyo timer ikangoyatsa. Ndipo mukakumana ndi chipangizo chomwe transistor yake yapsa, yezani diodeyo musanaike ina, mwendo umodzi mutauzula, chifukwa ikadali pamalo pake mita imangowerenga koyilo.

Mudzaona zojambula zambiri zolumikiza relay mwachindunji kumwendo wachitatu. Papepala n'zololeka, poti 555 wamba amatha kupereka mpaka 200 mA, pomwe ka relay kabuluu ka mavolti 12 kamadya pafupifupi 30 mA. Ine sindikulimbikitsani. Mwendo wachitatu supereka mavolti onse a batire, umaperewera ndi pafupifupi volti imodzi ndi theka kapena kuposerapo. Relay kuti igwire motsimikizika imafuna magawo atatu mwa anayi a mavolti olembedwa pamsana pake, ndiye kuti 9 kwa relay ya 12. Batire ikakhala yodzaza zimayenda. Ikatsika, mwayandikira malire. Pa mavolti 5 ndiye zimakanikiratu: mwendo wachitatu umapereka cha m'ma 3.3 pomwe relay ikufuna 3.75. Ikanipo transistor, ndi resistor ya pakati pa 1k ndi 4.7k kuchoka pamwendo wachitatu kupita ku base ya transistoryo. BC547 imakwana pa relay yaing'ono, koma malire ake ndi 100 mA, ndipo relay ya galimoto ija mumagula kwa ogulitsa masipeya imadya cha m'ma 150 mA. Imeneyo ipatseni BC337 kapena 2N2222. Chenjerani ndi miyendo: ma transistor ofanana nkhope sakhala ofanana kaimidwe ka miyendo, ndipo pa ambiri mwa 2N2222 apulasitiki collector ndi emitter zimakhala motembenuka poyerekeza ndi BC547. Yotembenuzidwa imatha kugwira pang'ono, relay n'kumanjenjemera, inu n'kumafufuza kwina. Mukagula 555 ya mtundu wa CMOS, monga 7555 kapena TLC555, transistor njosasiyika, chifukwa timeneti sitidya batire koma mphamvu yokankha katundu tilibe.

Tsopano za magetsi olowa, omwe kuno kumudzi ndiwo gwero la mavuto ochuluka. Mwini makina akakuuzani kuti masana amagwira bwino koma m'bandakucha amapenga, wakuuzani kale matenda. Batire ya mavolti 12 dzuwa lili paliwombo ikutchajidwa imafika cha m'ma 14.4, ikapuma yodzaza imakhala pa 12.6, ndipo ikachezera usiku ndi mababu, wayilesi ndi mafoni a mudzi wonse imatsika pansi pa 12, makamaka mu Januwale mitambo ikaphimba masiku angapo. Musamayeze pamitu ya batire pokha. Ikani mita pamwendo wa 8 ndi woyamba wa 555, muyang'anitsitse nambala pa nthawi yomwe relay ikugwira ndipo mota ikudzuka. Mota ya waipa ya galimoto, yomwe ambiri mumapendeketsera thireyi ya mazira, podzuka imakoka ma ampeya angapo. Ngati ikugawana waya mmodzi wopyapyala ndi timer, mavolti amagwa, relay imasiya, mota imaima, mavolti amakwera, relay imagwiranso, ndipo kulira kosalekeza kuja n'kumeneko. Mota ipatseni mawaya ake okhuthala ochokera pabatire penipeni, pozitivi ndi negetivi yomwe. Timer ikhale ndi ake. Pafupi ndi miyendo ya 555 ikani capacitor ya 100 µF ndi ina yaing'ono ya 100 nF, ndipo pamiyendo ya mota ikaninso 100 nF yochepetsa phokoso la mabulashi. Zikapitirira, dutsitsani magetsi a timer mu diode asanafike pa capacitor yaikulu ija, kuti mota ikamakoka isayamwenso zomwe capacitor yasunga.

Pali cholakwika china chochitidwa ndi mtima wabwino. Wina amamva kuti magetsi ayenera kukhazikika, n'kuika 7812 pakati pa batire ya 12 ndi timer. Kachipangizo kameneka kuti katulutse 12 kamafuna kulandira 14 ndi theka kapena kuposa. Usiku kamangodya mavolti awiri pachabe, relay n'kulandira 10 kapena kucheperapo. Ndipo musayerekeze kulumikiza timer ku sola mwachindunji popanda batire: panelo yotchedwa ya mavolti 12 ikakhala yopanda katundu imapereka kupitirira 20, pomwe 555 wamba malire ake ndi 16.

Tibwerere kwa amene LED yawo idakana relay palibe. Yambani ndi miyendo yosiyidwa m'malere. Mwendo wa 4 ndi wofufutira kuwerenga. Ngati simukuugwiritsa ntchito ulumikizeni ku pozitivi, apo ayi uzitola phokoso lililonse, ngakhale la njinga yamoto yodutsa kuseri kwa shopu. Mwendo wachiwiri ndiwo woyambitsa, ndipo umafuna resistor ya 10k youkokera ku pozitivi. Ukatsika pansi pa gawo limodzi mwa atatu a mavolti olowa, timer imadzuka. Ukakhalitsa pansipo, chifukwa batani lamatirira kapena waya wake wautali wakhudza malata, mwendo wachitatu sudzazima ngakhale mudikire mpaka mawa. Mwendo wa 5 upatseni 10 nF kupita ku negetivi. Ndipo werengani miyendo kuyambira pa kadontho kapena kamphako, mozungulira mobwerera kumanzere. Mukatembenuza bolodi kuti muwotcherere, zonse zimaoneka mosemphana, ndipo apa ndi pomwe 8 amasanduka 1.

Kawerengedwe ka nthawi kakufanana ndi ndowa yotchera pampopi wodontha. Capacitor ndiyo ndowa, resistor ndiye mpopi, ndipo madzi akafika pa magawo awiri mwa atatu, mwendo wa 6 umaona, timer imazima, mwendo wa 7 n'kukhuthula ndowayo. Masamu ake ndi 1.1 kuchulukitsa ndi resistor, kuchulukitsanso ndi capacitor. Resistor ya 1M ndi capacitor ya 100 µF zimapereka masekondi 110. Mukapeza 95 kapena 130 musadabwe, poti ma capacitor a mtundu wa kachitini amaloledwa kuphonya ndi 20 pa 100 alionse. Ikani resistor yopotokola kuti muzikonza ndi wotchi m'manja.

Vuto lenileni limadza mukafuna maola. Mazira a nkhuku amaswa pa masiku 21, amafuna kutentha kwa madigiri 37.5, ndipo amayenera kutembenuzidwa kangapo patsiku mpaka tsiku la 18. Ndiye mumati thireyi izipendekeka pa maola awiri alionse, masekondi 7,200, masamu n'kukupatsani capacitor ya 1,000 µF ndi resistor yoposa 6M. Papepala zili bwino. Koma capacitor ya kachitini iliyonse imadontha pang'ono, makamaka yakale yozulidwa mu TV, ndipo ikatenthedwa kudonthako kumakula. Kudzera mu resistor yaikulu chotere, pofika kumapeto mumalowa magetsi osakwana ngakhale 1 µA. Zodontha zikafanana ndi zolowa, ndowa imaima pakati, siifika pa mavolti 8 omwe mwendo wa 6 ukudikira, ndipo timer siizima mpaka kalekale. Kapena lero yatenga ola limodzi, mawa maola atatu. Palibe chapsa, palibe chabodza. Mwangoituma ntchito yoposa msinkhu wake. Mitanso imatha kukunamizani apa. Mita yachikasu ija mkati mwake ili ngati resistor ya 1M, ndiye mukaigwiritsa pa capacitor yomwe ikudzazidwa kudzera mu 1M, mavolti amaima pa 6, timer n'kuleka kuzima chifukwa cha inu woyezanu. Yezani pamwendo wachitatu, capacitor muisiye.

Langizo langa ndi loti 555 muziituma za masekondi ndi mphindi zochepa. Za maola gwiritsani ntchito CD4060, ya miyendo 16, yomwe imagunda mofulumira ndi capacitor yaing'ono yosadontha n'kumawerenga kugundako. Mwendo wake wachitatu umayaka kugunda kukakwana 8,192. Ndi resistor ya 390k ndi capacitor ya 1 µF yosakhala ya kachitini, kugunda kumodzi kumatenga pang'ono kuchepera sekondi, ndipo maola awiri amakwana. Ubwino wake wina ndi woti simudikira maola awiri kuti mudziwe ngati mwalondola. Ikani LED pamwendo wa 7 wa 4060, muwerenge masekondi kuchokera pamene yayaka mpaka pamene yayakanso, muchulukitse ndi 512. Mukapeza masekondi 14, mwafika. Kenako 4060 izidzutsa 555, 555 iziyendetsa mota masekondi ochepa, ndipo kumapeto kwa thireyi kukhale ka switchi koimitsa mota, kuti tsiku lomwe timer idzalakwe mazira asadzakhuthukire pansi.

Ndinene mosabisa: ngati munthu waika mazira 200 ogula ndi ndalama ya soya kapena ya fodya, ndipo inu chipangizo chanu simunachiyese mokwanira, muuzeni agule timer yopangidwa kale, inu mumulumikizire bwino. Palibe manyazi pamenepo. Zanu muziyesera pa mazira a nkhuku za amayi anu, mutawapempha.

Nthawi zina relay imamveka kuti tha! koma babu kapena pampu osayaka. Nthawi zina yazima koma pampu ikungothirabe. Apa timer ilibe mlandu, nkhani ili pa timilomo ta mkati mwa relay. Chotsani magetsi onse, muyeze ndi mita pakati pa miyendo ya relay ya COM ndi NO, ndiponso pakati pa COM ndi NC. Relay ikapuma, COM imagwirana ndi NC yokha. Mukapeza yagwirana ndi NO, timilomo tawotchererana. Pamsana pa relay pamalembedwa 10A, koma werengani bwino mavolti olembedwa pambali pake: 250 a AC, koma 30 okha kapena kucheperapo a DC. Magetsi a ESCOM amasintha mbali, amafika pa ziro ka 100 pa sekondi, ndiye kamoto kothetheka timilomo tikamasiyana kamazima kokha. A batire ndi a sola safika pa ziro, kamotoko kamakhalitsa n'kusungunula chitsulo. Amene mukulumikiza mapanelo angapo motsatizana kuti muyendetse pampu ya pachitsime, ka relay kabuluu musakaikepo. Ndipo mota iliyonse ya DC yoyenda mbali imodzi imafunanso diode yake, yaikulu molingana ndi mphamvu yake.

Nyengo yathu nayo ili ndi mbali yake. Fumbi la Seputembala ndi Okutobala likalowa m'bokosi n'kudzakumana ndi chinyezi cha Disembala, limapanga njira ya magetsi pakati pa miyendo, ndipo pa timer ya resistor yaikulu kanjira kotere n'kokwanira kusokoneza nthawi. Nyerere ndi mphemvu zimakonda kufunda kwa m'mabokosi amenewa. M'makina a mazira muli mbale ya madzi, choncho bolodi ikhale kunja. Mukatha kuwotcherera tsukani bolodi ndi sipiriti ndi mswachi wakale, ndipo mafuta a asidi omwe owotcherera zidebe amagwiritsa ntchito asayandikire, amadya mkuwa pang'onopang'ono. Mfundo ya mtovu yabwino imawala ndipo imakumbatira mwendo. Yotuwa, yobulungira ngati mpira, ndiyo ija imagwira mukagogoda bokosi n'kuleka mukachoka. Tengani kamtengo kouma muzikankha chipangizo chimodzichimodzi magetsi a batire ali oyaka, mudzaipeza.

Ndati magetsi a batire, ndipo ndanena dala. Pa misika yomwe ESCOM idafika anthu azikubweretserani tizipangizo toteteza firiji, tija timadikira mphindi zingapo magetsi akabwera tisanayatse firiji. Chiyambire kuzimazima kwa magetsi, makamaka namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, ogulitsa zoziziritsa ndi mafirizesi ambiri adatigula. Mkati mwake mulinso timer ndi relay, ndipo zonse ndanenazi zikugwira. Koma tambiri mwa timeneti tilibe thiransifoma, magetsi amatsitsidwa ndi capacitor chabe, kotero bolodi yonse, ngakhale pomwe mita ikuwerenga mavolti 12, ili ndi moto wa 230 poyerekeza ndi nthaka yomwe mwapondayo. Musaigwire ili papulagi. Zulani, mukhuthule capacitor kudzera mu resistor, mbali ya timer muiyese ndi batire. Amene mukufuna kumagwira za 230 tsiku ndi tsiku, kaphunzireni mwadongosolo. Sukulu za ntchito zamanja za pansi pa TEVETA zilipo, ina ili pa Namitete pompa, ina mumzinda wa Lilongwe, kafunseni kuti zamagetsi zikuphunzitsidwa kuti. Batire nayo musaiderere. Siikugwedezani, koma mawaya akagundana imatulutsa mphamvu yofiiritsa waya ngati khala, ndipo pansi pa denga la udzu kapena pafupi ndi chigafa cha fodya wouma, moto wake sudikira madzi. Fyuzi ikhale pawaya wa pozitivi, pafupi ndi mutu wa batire, ndipo ikapsa musamange ndi waya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu.

Pokonza, sinthani chinthu chimodzi, muyese, mulembe. Kope la sukulu la masamba ochepa likwana: mavolti a batire, mavolti pamwendo wa 8, nthawi yomwe timer yatenga, chomwe mwasintha. Mukasintha zitatu pakamodzi chinthu n'kugwira, mwini wake akondwa, koma inu simunaphunzire kanthu, ndipo wina akadzabwera ndi vuto lomwelo mudzamugulitsanso zitatu. Safunsa adadya phula, ndiye funsani mwini chipangizo musanatsegule bokosi: chidayamba liti, nthawi yanji ya tsiku, adawonjezerapo chiyani pabatire, kudagwa mvula ya ziphaliwali kapena ayi. Ndipo mukakonza musapereke tsiku lomwelo. Chisiyeni chigwire ntchito usiku wonse ndi katundu wake weniweni, mota kapena pampu yomweyo, pa batire yomwe yachezera, ndipo mudzuke nthawi ya atambala oyamba mukayeze mwendo wa 8 dzuwa lisanafike pa panelo.